Phunziro la m'filimu lili pa zimene mwininkhani wasankha

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi achinyamata amene ayamba kujambula mafilimu kuno ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi, komanso ndi makolo ndi aphunzitsi amene ana awo amagona ndi kudzuka ndi mafilimu. Ife ndife aphunzitsi a masewero, ndipo ena mwa ife amalemba nkhani zoti zijambulidwe. Masiku ano munthu sachita kuilondola filimu, imamupeza yokha pa foni, pa memori khadi, pa TV ya sola kumudzi, ndi m'tinyumba toonetsa vidiyo ta ku Kapata, ku Mchini ndi ku Navutika. Anthu akamatuluka mumawamva akuti, "Ija ndiye filimu, ili ndi phunziro." Chatilembetsa kalatayi n'chakuti ojambula ambiri akuika phunzirolo pamalo olakwika, ndipo ana akutola china pamene ife tikuyesa kuti tawapatsa china.

Kalembedwe kamene kafala kwambiri kanachokera ku Nigeria. Mu 1992 kunatuluka Living in Bondage, ya m'chinenero cha Igbo, imene inatsegula msika wa mafilimu a pa vidiyo kumeneko. Mwamuna wosauka apereka mkazi wake nsembe kuti alemere, alemeradi, kenaka mzimu wa mkaziyo umusautsa mpaka achita misala, ndipo pomaliza apulumuka ndi mapemphero. Filimuyo inagwira anthu mtima ndipo sitikuinyoza. Vuto lili kwa amene anatengera chikombole chake osaona pamene chimadontha. Aliyense ayese yekha: atenge filimu imodzi ya mtunduwu, agwire wotchi, awerenge mphindi zimene woipayo ali pa chisangalalo ndi zimene ali pa mavuto. Ngati mwa mphindi 90, zokwana 75 kamera ikusisita galimoto, nyumba yosanja ndi mabotolo a pa tebulo, ndipo misala ikubwera m'mphindi khumi zomaliza, mwana wa zaka 14 adzapita kunyumba atasenza galimotoyo. Diso limasunga chimene lakhalitsa nacho. Wojambula anafuna kunena kuti chuma cha magazi n'choipa, koma kamera yake yakhala ola lonse ikunena kuti n'chokoma.

Vuto lina ndi chilango chogwa kuchokera kumwamba. Wodya ndalama za ana amasiye agundidwa ndi galimoto, mkazi wachigololo amenyedwa ndi mphezi, mwana wamwano alumidwa ndi njoka. Koma galimoto imagundanso olungama, ndipo ana amadziwa zimenezi, pakuti maliro a ngozi za mumsewu wa Great East awaona. Chilango chikapanda kumera pa cholakwacho, woonera amangoti munthuyu anali ndi tsoka, ndipo pa tsoka palibe chimene munthu angaphunzirepo. Agogo athu pa nthano sankaphonya apa. Fisi uja anafika pa mphambano namva fungo la nyama uku ndi uku, nafuna kutsata njira zonse ziwiri, miyendo ina kumanja ina kumanzere, mpaka anang'ambika pakati. Palibe mphezi inamugwera, dyera lake lomwe ndilo linamung'amba. Ndilo tanthauzo la mawu oti choipa chitsata mwini. Achikulire amene ankamvera Julius Chongo pa wailesi, pa Poceza m'Madzulo, akukumbukira mmene munthu mmodzi ankasinthira mawu mpaka aliyense wa m'nkhani n'kumveka ndi mtima wake. Luso limeneli ndi lathu, sitikuchita kubwereka.

Tsono munthu wa m'filimu amaumbidwa bwanji? Musanalembe chigawo ngakhale chimodzi, tengani pepala limodzi muyankhe mafunso anayi okhudza mwininkhani. Akufuna chiyani chimene kamera ingachione? "Moyo wabwino" sujambulika, koma njinga yamoto, malata 30, kapena ndalama za mayeso a mlongo wake zimajambulika. Nanga amadziuza bodza lanji kuti agone tulo? Akasiya bodzalo adzataya chiyani? Ndipo ndani amene amamukonda yemwe bodzalo lidzamulasa? Funso limodzi likasowa yankho, musayambe kujambula, pakuti munthu wanuyo sanabadwe.

Tiyeni tiike nyama pa mafupawa ndi nkhani imene aliyense wa kuno ku Eastern angaizindikire. Mnyamata amagula mtedza ndi soya m'midzi nthawi yokolola. Sikelo yake ya mbedza anaikonza kuti thumba la makilogalamu 50 lizionetsa 46. Akufuna njinga yamoto dzinja lisanafike. Bodza lake ndi loti aliyense amatero, ndipo amene amamugula iye ku tauni nayenso amamubera. Akasiya, ataya njingayo pamodzi ndi malo ake kwa bwana amene amamupatsa ndalama zogulira mbewu. Ndipo amene adzalasidwa ndi amayi ake aang'ono, amene anamulera amayi ake atamwalira, omwe chuma chawo chonse ndi matumba asanu ndi limodzi a mtedza. Onani kuti pano palibe mfiti, palibe sing'anga, palibe mzukwa, komabe nkhani yaima kale ndi miyendo iwiri.

Pa kalembedwe ka mafilimu, tsamba limodzi limapereka pafupifupi mphindi imodzi, motero filimu ya mphindi 90 imafuna masamba ngati 90. Oyamba kumene tikuwalangiza ayambe ndi ya mphindi 20. Gawani motere: mphindi zisanu zoyamba, khumi zapakati, zisanu zomaliza. M'zisanu zoyamba timuone mnyamatayo akuba ndipo zikumuyendera, koma timuonenso akuchita chinthu chimodzi chabwino chimene palibe wamukakamiza, monga kusenzera gogo thumba mpaka pakhomo. Mukachotsa chabwinocho, woonera sadzamudera nkhawa, ndipo munthu amene sitikumudera nkhawa kusintha kwake sikutikhudza.

M'khumi zapakati ayesedwe katatu, yesero lililonse lolemera kuposa linzake. Koyamba mlimi wosamudziwa adandaula, iye angoseka. Kachiwiri abwera mnzake amene anaphunzira naye sukulu. Amubera ndithu, koma pochoka amuponyera kandalama kapamwamba kuti atontholetse mtima wake. Apa woonera waona kale mng'alu, ngakhale mnyamatayo sanauone. Kachitatu abwera amayi ake aang'ono ndi ngolo, akuwerengera ndalamazo kuti agulire feteleza, bwana uja ataima pambali. Pamenepo ndiye pampondachimera, ndipo mphindi zisanu zomaliza n'zoti asankhe ndi kulipira mtengo wa chimene wasankha. Akanena zoona, timuone akubwerera wapansi, njinga yamoto ija ikadali m'sitolo, anthu a m'mudzi ena akumutukwana chifukwa cha zimene anawabera kale. Musamupatse mphoto mawa lake lomwe. Wolemba akangomubweretsera munthu wolemera wodzamulemba ntchito chifukwa cha kukhulupirika, waphunzitsa ana kuti chilungamo ndi malonda, ndipo tsiku limene chidzapanda kulipira adzachisiya. Mukhozanso kumusiya asankhe choipa: abere amayi akewo, agule njingayo, kenaka adye nsima pakhomo pawo akudziwa chifukwa chimene munda wawo wachita chikasu. Mathero amenewo amaluma kuposa misala.

Sikeloyo ionekere katatu. Koyamba iye akuikonza yekha kuseri kwa nyumba. Kachiwiri mwana wa sukulu apachikapo thumba la ufa losatsegula la makilogalamu 25, sikelo n'kuonetsa 23, mwanayo n'kufunsa mosalakwa kuti awiri apita kuti. Kachitatu ili m'manja mwake pamaso pa amayi aja. Chinthu chimodzi chogwirika chikabwerera motero, chimanyamula phunziro lonse popanda wina kutsegula pakamwa.

Chimene chimawononga mafilimu athu ambiri ndi kutembenuka mtima kwadzidzidzi: munthu wakhala nkhalamu mpaka mphindi ya 85, kenaka wagwada akulira. Gwero lake timalidziwa. Anthu amayamba kujambula nkhani isanathe kulembedwa, ndalama za mafuta ndi chakudya zimatha, wosewera wina wapita ku Lusaka, ndiye amangotseka ndi pemphero kapena kulemba kuti gawo lachiwiri likubwera. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Dulani mapepala, chigawo chilichonse pa kapepala kake, muwayale pa mphasa. Filimu ya mphindi 20 imakhala ndi zigawo khumi kapena khumi ndi ziwiri. Ya mphindi 90 imafika 40 mpaka 60. Pa kapepala kalikonse lembani mizere iwiri: mwininkhani walowa akufuna chiyani, ndipo watuluka chitasintha chiyani. Kapepala kamene mzere wachiwiri uli wopanda kanthu kachotseni. Mudzadabwa kuona kuti zochoka ndi zija za galimoto ikulowa pa geti, za malonje aatali, za munthu akuyenda mumsewu nyimbo ikulira. Mphindi zimenezo ndizo zimafunika pa kusintha kwa munthu.

Ofuna kuona makwerero a kusinthako aonere Tsotsi, ya ku South Africa ya mu 2005, imene inapata mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar mu 2006. Ndi ya akuluakulu, ili ndi chiwawa, musaionere ndi ana. Mnyamata wa chigawenga awombera mayi, alanda galimoto, n'kupeza khanda kumpando wakumbuyo. Sasanduka mngelo pomwepo. Alinyamula khandalo m'chikwama cha pepala, alephera kulisamala, aloza mfuti mayi wina kuti aliyamwitse, ndiye kuti akuchita chabwino ndi njira yoipa yomwe aidziwa. Pakati apo tionetsedwa ubwana wake, amayi ake akudwala, bambo ake akumenya galu mwankhanza. Pomaliza abweza mwanayo yekha, akudziwa kuti apolisi amugwira, n'kukweza manja. Werengani masitepe amenewo ndi zala. Lililonse ndi laling'ono, ndipo palibe limene ladumphidwa.

Woipa wa m'nkhani nayenso apatsidwe chifukwa chake. Mu Neria, ya ku Zimbabwe ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mlamu amene alanda katundu wa mkazi wamasiye sadziona ngati wakuba. Amabisala kumbuyo kwa mwambo, amati akusunga za m'bale wake. N'chifukwa chake anthu anamuzindikira, pakuti mawu amenewo amamveka pa maliro enieni. Ndipo amene asintha mochititsa chidwi ndi apongozi aakazi, amene ayamba osamumvetsa mpongozi wawo wa m'tauni, kenaka pang'onopang'ono aona zimene mwana wawo akuchita. Amene akufuna kulemba nkhani yotere kuno adziwe lamulo lathu la Intestate Succession Act la mu 1989: munthu akamwalira osasiya wilo, pa magawo 100 a chuma, 20 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 a ana, 20 a makolo, 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Wolemba wodziwa zimenezi angaike mkangano weniweni pakati pa mwinimbumba, amene akuganiza za ana a mlongo wa malemu monga mwa chikhalidwe chathu cha Achewa, ndi mkazi wamasiye amene akuganiza za ana ake. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo filimu imakoma pamene woonera akuvutika kusankha mbali. Momwemonso mu The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, kungodutsa malire athuwa: mnyamatayo maganizo ake sasintha, wosintha ndi bambo ake, amene akana kupereka njinga yawo yokhayo kuti idulidwe pa nthawi ya njala. Bamboyo si woipa, ndi munthu wamantha amene ali ndi zifukwa zomveka, ndipo tsiku limene apereka njingayo ndi pamene filimu ifika pamtima.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha ndi mtima wonse kuti chilekeke. Wolemba akasowa woipa amathamangira kwa gogo wosauka wa maso ofiira, kapena apongozi, kapena mayi wopeza, n'kumuveka ufiti. Maso a gogoyo afiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka zambiri. Ana amene aonera mafilimu khumi otere amabwerera kumudzi n'kuyamba kuthawa agogo awo, ndipo tonse tikudziwa kumene kulozana zala kumathera. Lamulo la dziko lino la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Rungano Nyoni, mwana wa m'Zambia muno, anaitembenuza nkhaniyi mu I Am Not a Witch ya mu 2017, imene inapata mphoto ya BAFTA mu 2018: kamera yake inaima kumbali ya kamtsikana konamiziridwako, n'kuonetsa amene amadyerapo pa bodzalo. Musanaveke munthu ufiti m'nkhani yanu, dzifunseni ngati dyera, nsanje kapena ngongole sizingagwire ntchito yomweyo. Kawirikawiri zimagwira, ndipo bwino koposa.

Za pakamwa tsopano. Abusa, amfumu, ankhoswe ndi alangizi akhalemo m'filimu, pakuti m'moyo alimo, koma asakhale oti abwere pomaliza kudzawerenga phunziro ngati chilengezo cha pa maliro. Mlangizi alankhule pakati pa nkhani, mwininkhani akane kumva, mawuwo adzamupeze okha pambuyo pake. Paja mawu a akulu akoma akagonera. Munthu mmodzi asalankhule kupitirira mizere itatu kapena inayi mnzake asanamudule. Mukamaliza kulumikiza zithunzi, zimitsani mawu muonetse munthu amene sakuidziwa nkhaniyo. Akalephera kunena kuti wasintha ndani ndipo wasinthira pati, bwererani ku mapepala aja.

Pojambula pamakhala msampha wina. Zigawo sizijambulidwa motsatana. Zonse za pamsika zimajambulidwa tsiku limodzi, za kumudzi tsiku lina. Wosewera amene sanauzidwe amalira mofanana paliponse, kapena amaonetsa chisoni cha kumapeto m'chigawo chachiwiri. Lembani nambala kuyambira 1 mpaka 5 pamwamba pa chigawo chilichonse, 1 kutanthauza mtima wouma, 5 mtima wosweka, ndipo muuzeni nambalayo kamera isanayambe. Pa mphindi ya kusankha, bweretsani kamera pafupi ndi nkhope ndi manja, muisiye pamenepo masekondi asanu kapena khumi, nyimbo itazima. Ambiri amaopa chete, amathira nyimbo yachisoni kapena yoimba nkhani yonse, motero amamulanda woonera mpata woti adzifunse kuti akanakhala iye akanatani.

Mawu omwewa apite kwa abale athu omasulira mafilimu akunja m'Chichewa. Ntchito yanu ndi yaikulu, mwatsegulira khomo anthu ambiri amene Chingerezi, Chihindi kapena Chitchaina sachimva. Koma pamene ochita sewero akhala chete, inunso khalani chete. Nthabwala yoponyedwa pamene munthu akulimbana ndi mtima wake imapha chigawo chonse, ndipo kutchuliratu kuti "uyu afa posachedwa" kapena "uyu ndi mfiti" kumamuweruza munthu woonera asanamuone. Onerani filimu yonse kaye musanayambe kumasulira, mulembe mphindi zitatu kapena zinayi zimene simudzalankhulapo.

Makolo, zilembo ndi manambala amene amaoneka filimu ikamayamba ali ndi ntchito: 13, 16 ndi 18 ndi zaka, V ndi chiwawa, L ndi mawu otukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche. Ma decoder ali ndi malo oikapo nambala yachinsinsi yotsekera, koma za pa memori khadi zilibe mlonda, choncho muyambe mwaona nokha. Ndipo kutseka kokha sikulera. Khalani nawo pansi kamodzi pa sabata, ndipo filimu ikafika pamene mwininkhani ali pa mphambano, imitsani. Funsani kuti akufuna chiyani, akuopa kutaya chiyani, ndipo ndani adzalira akasankha njira iyi kapena iyo. Musafunse kuti "mwaphunzirapo chiyani", pakuti mwana amadziwa yankho limene mukufuna, adzangoti "tisamabe" n'kuthawira panja. Mwana akaikira kumbuyo woipa musamukalipire. Mufunseni chifukwa, pamenepo ndi pamene mudzamva zimene zili mumtima mwake. Kwa aphunzitsi, piriyodi ya mphindi 40 siikwana filimu yathunthu. Sankhani zigawo ziwiri, china cha koyambirira china cha kumapeto, zonse pamodzi zosapitirira mphindi khumi ndi ziwiri, ana alembe zimene akuganiza kuti zinachitika pakati kuti munthuyo afike pamenepo, kenaka magulu awiri kapena atatu asewere zimene alembazo.

Pomaliza tili ndi mapempho awiri. Oweruza mipikisano ya masewero a m'masukulu, monga ya bungwe la zaluso m'masukulu la NASAAZ, aziyang'ana ngati kusintha kwa mwininkhani kuli ndi masitepe ooneka ndiponso ngati chilango chamera pa cholakwa, ndipo aziwauza ana zimenezi popereka ndemanga, pakuti ojambula mafilimu a mawa akuchokera m'magulu amenewo. Ndipo inu a Mkonzi, tipatseni kadanga kamodzi pa mwezi koti filimu imodzi yojambulidwa kuno ku Eastern iziunikidwa chigawo ndi chigawo, wojambulayo n'kupatsidwa mpata woyankha m'kope lotsatira.

Ndife,
Aphunzitsi a masewero ndi olemba nkhani za mafilimu,
Chipata.